Chaka Chimene Apongozi Anga Anali ndi Magetsi

Apongozi anga aamuna anatsika m'phiri la Zomba mwezi wa Juni, patatha miyezi inayi chimwalirireni apongozi aakazi. Moyo wawo wonse anagwira ntchito ya zankhalango kumtunda kuja: kudzala paini, kudulira paini, kuzimitsa moto m'paini. Atapuma pantchito anakhalabe komweko m'kanyumba ka matabwa. Amuna anga ndiwo anakawatenga, poona kuti munthu wamkulu sangamadziphikire yekha m'chisanu chimene chija. Anafika kwathu ku Matawale ndi chikwama chimodzi, wailesi yosalira, ndi majombo akuda a labala amene ankawavula pogona pokha. Ankati nsapato zina zonse n'zoseweretsa ana.

Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa sayansi pasekondale ina yoyendera m'tauni momwemo. Ndanena dala zimenezi kuti mudziwe kuti nkhaniyi inachitikira m'nyumba ya munthu wodziwa za magetsi, ndipo kudziwako sikunathandize chilichonse.

Masiku oyamba apongozi sankayankhula. Ankatuluka m'mawa, kukhala pampando wapulasitiki pakhonde, n'kumayang'ana phiri mpaka dzuwa kupendeka. Chakudya ankangochilawa. Ndinaona kuti jekete lawo n'long'ambika m'zigongono, ndiye Loweruka lina ndinapita pakaunjika n'kuwagulira juzi. Inali yaikulu, yachikasu ngati papaya lakupsa, ya ubweya uja wosachokera ku nkhosa, umene ukauyandikiza kumoto umasungunuka. Anailandira ndi manja awiri kudzera kwa amuna anga, pakuti ine ndi iwo tinkalemekezana mwa chipongozi: sitinkapatsana zinthu pamanja, ndipo moni tinkapatsana patali, ine nditagwada pang'ono.

Juziyo inkawayabwa kumsana. Choncho tsiku lonse ankangodzikhula pampando paja, uku ndi uku, ngati mbuzi pachipupa.

Tsiku lachitatu, amuna anga pobwera kuntchito anawapatsa dzanja. Ndinali pakhomo, ndipo ndinamva ndi makutu anga kuti thwa!

"Ababa! Mwandibaya ndi chiyani?"

"Ndikubaye ndi chiyani ine? Iweyo ndiwe wandiluma."

Anayang'anana m'manja onse awiri, osapeza kanthu. Mawa lake chinawaluma chitseko chachitsulo cha pageti. Kenako mpopi. Kenako mphaka wathu, amene ankakonda kudzikhula m'miyendo ya alendo, anakhudza chala chawo ndi mphuno, nalumpha mpaka pamwamba pa mpanda, ndipo sanabwererenso pakhonde mwezi wonsewo.

Nkhani inakula tsiku limene kunabwera mayi eni nyumba. Anali mayi wamasiye, wotsogolera kwaya kutchalitchi, ndipo ankakhala nyumba yakutsogolo m'mpanda womwewo. Anabwera kudzalonjera mlendo, natambasula dzanja mwaulemu, lina litagwira pachigongono.

"Mayo ine!" anakuwa, nakhala pansi osafuna.

Tinathamangira kukawadzutsa. Koma iwo anangokhala pomwepo, akupinda ndi kutambasula mkono. Mkono umenewo unali ndi nyamakazi ya zaka zambiri, ndipo m'mpanda monse tinkaudziwa chifukwa ankautchula tsiku lililonse.

"Madala," anatero, "tandigwireninso."

Lamulungu masana ndinaganiza zothetsa nkhaniyi isanapite patali. Ndinayala mkeka chapatali ndi mpando wawo, n'kukhala chammbali monga mwa ulemu, amuna anga ali pakati pathu.

"Bambo," ndinayamba, "chimene chikukulumanicho si matenda, si ufitinso ayi. Chinthu chilichonse, kaya mpando, kaya juzi, kaya thupi la munthu, chili ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka timene timanyamula chaji. Chajiyo ilipo ya mitundu iwiri, pulasi ndi mainasi, monga muonera pabatire la wailesi. Nthawi zonse ziwirizi zimakhala zofanana, ndiye sitimva kanthu. Koma mukamakhula juzi pampando, tina mwa tinthu tija timasamuka, ndipo mbali imodzi imachuluka pathupi panu. Timafuna titathawira pansi, koma majombo anuwo ndi a labala, satilola kudutsa. Ndiye mukangokhudza munthu kapena chitsulo, timalumpha tonse nthawi imodzi."

Apongozi anamvetsera bwinobwino, maso ali kuphiri.

"Aphunzitsi," anatero, pakuti ndi mmene ankanditchulira, "ndiye kuti ndi magetsi?"

"Ee, ndi magetsi, koma..."

Mawu akuti "koma" ajawo sanawamve. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo ndinafulumira kufuna chitsanzo choti chiwabweze. Ndinasankha damu la Mulunguzi, poti ankalidziwa kuposa ine.

"Taganizirani damu lija, bambo. Madzi amene ali m'menemo ndiwo chaji. Damulo lili pamwamba, n'chifukwa chake madzi amafika kumpopi kuno akukankha mwamphamvu. Kukankha kumeneko, kobwera chifukwa chokhala pamwamba, ndiye voteji. Tsono kuyenda kwa madzi m'paipi, kuchuluka kwa madzi amene akudutsa, ndiye kalenti. Kuti babu iyake pamafunika kalenti yoyenda osaleka, ngati mtsinje. Inuyo muli ngati dontho limodzi lochokera pamwamba penipeni pa phiri. Lachokera kutali ndithu, koma ndi dontho basi."

"Voteji ameneyo amamuyeza?"

"Amamuyeza m'mavoti."

"Soketi iyo ili ndi mavoti angati?" analoza pakhoma la pabalaza.

"Mazana awiri ndi makumi atatu."

"Nanga ine?"

Apa m'pamene ndinalakwitsa. Mphunzitsi akafunsidwa funso loti akulidziwa, pakamwa pamamuyabwa.

"Kuti mpaka kuthetheke chomwechi, ndiye kuti masauzande angapo."

Apongozi anatembenuka n'kuyang'ana soketi ija nthawi yaitali, mwachisoni, monga munthu ayang'anira mng'ono wake amene zinthu sizinamuyendere.

"Ndi mavoti amenewo, ababa, mukhoza kuwina ukhansala," anatero amuna anga. Ndipo apongozi anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka kutsokomola.

Amuna anga, m'malo mondithandiza, anabwera ndi tesita, kasikuludiraiva kaja kokhala ndi kababu m'kati, koyesera ngati m'waya muli magetsi. Apongozi anadzikhula pampando mwakhama, natambasula chala. Nsonga ya tesita itangochikhudza, kababu kaja kanaphethira kamodzi, kofiira. Mayi eni nyumba anali pomwepo. Pofika Lachiwiri, mzere wonse wa nyumba zathu unali utamva kuti madala a kuphiri ayesedwa ndipo apezeka nawo.

Chaka chimenecho magetsi ankazimazima masana. Kuseri kwa mpanda wathu kunali zipinda zimene ankachita lendi ophunzira a kukoleji, ndipo tsiku lina pobwera kusukulu ndinapeza apongozi atakhala tsonga pampando, m'manja atafumbata matchaja atatu, mano a matchajawo atawapana ndi zala. Mawaya anatsikira pamkeka pamene panagona mafoni atatu. Eni mafoni, atsikana awiri ndi mnyamata wandevu zake, anakhala pamthunzi akuwerenga manotsi.

"Mukutani apa?" ndinafunsa.

"Tikutchajitsa, madamu."

"Inu simuli kukoleji inu? Foni imafuna kalenti yoyenda osaleka. Chaji ya agogowa imatuluka kamodzi, thwa, basi yatha. Ngakhale mutakhala pano mpaka Khirisimasi..."

"Yangayi yakwera, madamu," anatero mtsikana mmodzi, akundionetsa. "Inali pa leveni, pano ili pa thwelofu."

Mpaka lero sindidziwa chimene chinachitika ndi foni imeneyo. Ya mnyamata uja inazimiratu ili m'manja mwa apongozi, ndipo iwo anaibweza n'kumuuza kuti foni yake ndi yamwano.

Koma ambiri obwera anali amayi achikulire a nyamakazi, anzawo a mayi eni nyumba. Ankafika m'mawa dzuwa likangowomba pakhonde, anayi kapena asanu, n'kukhala pamzere pamkeka. Apongozi ankagwira mmodzi, thwa, mayiyo n'kukuwa, anzake n'kuseka. Kenako ankati, "Dikirani ndidzaze," n'kuyamba kudzikhula pampando, nkhope ili yaulemu ngati ya dokotala. Sankalandira kalikonse. Wina atabweretsa mbatata anamubweza nayo, amvekere magetsiwa sanawagule.

Ine zinkandichititsa manyazi. Ana a sukulu anga ena ankakhala ku Matawale komweko, ndipo m'kalasi mtsikana wina anakweza mkono n'kufunsa ngati agogo a kwathu adzabwere pamayeso. Ndiye ndinabwereka mita yoyezera magetsi kusukulu, yokhala ndi mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Ndinawapempha apongozi kuti agwire nsonga zake, imodzi dzanja ili, ina dzanja linalo. Manambala anagwedezeka pang'ono, n'kukhazikika pa ziro.

"Mwaona, bambo? Palibe chimene chikuyenda."

Anaitembenuza mita ija, nayang'ana kumbuyo kwake.

"Iyi ndi ya ana a sukulu," anatero. "Ya akuluakulu ilipo?"

Ndinadandaula kwa amuna anga kuti tiwabisire juzi ija. Iwo anakana.

"Mwawaona mmene akudyera? Dzulo andituma lezala, akufuna azimeta. Asiyeni."

Zinali zoona. Ndipo tsiku lina ndikuanika zovala, apongozi anayankhula okha, osandiyang'ana.

"Aphunzitsi, pamaliro paja anthu anandigwira dzanja ambiri. Aliyense pepani, pepani. Atabalalika, miyezi inayi, palibe anandigwiranso. Pano akuchita kukhala pamzere."

Ndinangopitiriza kuanika, ndipo mita ija ndinakabweza kusukulu mawa lake.

Kumapeto kwa Julaye kunabwera chiperoni. Phiri linasowa m'mitambo, kamvula kosalekeza kanayamba kuwaza, ndipo chilichonse m'nyumba chinachita chinyezi, ngakhale machesi ankakana kuyaka. Amayi aja anabwerabe, atafunda zitenje kumutu. Apongozi anadzikhula, nagwira woyamba. Palibe. Anadzikhulanso mpaka mpando unalira. Palibe. Anayesa mayi eni nyumba, anayesa geti, anayesa mpopi.

"Lero kulibe, amayi," anatero mayi eni nyumba kwa anzawo, ngati akunena za shuga pagolosale. "Tiyese mawa."

Mawa lake kunalibenso. Tsiku lachitatu sikunabwere munthu, ndipo apongozi sanatuluke m'chipinda. Phala linazizira pakhomo. Ndinagwada kunja kwa chitseko n'kuwafotokozera kuti mpweya ukakhala wa chinyezi, chaji imathawa yokha pang'onopang'ono isanaunjikane, ndipo kukangouma zonse zibwerera.

"Iyayi, aphunzitsi," anayankha ali m'kati. "Inu nomwe munanena kuti voteji ndi kukhala pamwamba. Ine ndakhala pamwamba moyo wanga wonse. Ndinatsika nazo zimenezi, ndagawira anthu, zatha. Kuno n'kunsi, sindingadzaze. Mundiperekeze kuphiri."

"Bambo, chija chinali chitsanzo chabe."

"Chitsanzo chabodza?"

"Ayi, choona, koma..."

"Ndiye Loweruka."

Loweruka amuna anga anabwereka galimoto ya mnzawo wa kuntchito, kagalimoto kakale kamene mipando yake anaikuta ndi nsalu yaubweya wonyezimira. Apongozi anakhala kumbuyo okha, atavala juzi ndi majombo, manja ali pamaondo. Kumwamba kunali kutayamba kung'ambika cha kum'mawa, koma phiri linali likadali m'nkhungu.

Msewu wokwera uja umakhota ngati njoka yomenyedwa. Tinakumana ndi amuna akutsika ndi njinga zosenza nkhuni zotalika kuposa iwo, akuzigwira mabuleki ndi thupi lonse. M'makona, ogulitsa zipatso ankathamangira galimoto ndi mbale za sitiroberi ndi magalagadeya. Apongozi anatsitsa galasi n'kumawatchula mmodzimmodzi, uyu mwana wa uje, uyo bambo ake tinkazimitsa nawo moto. Ena anawazindikira n'kukuwa, "Madala, mwabwerera?" Iwo ankangokweza dzanja, osalitulutsa kunja. Anatiuza kuti sakufuna kuwononga kamene katsala.

Titafika padamu anatsika, nayenda mpaka m'mphepete mwa madzi. Nkhungu inali yoti tsidya silinkaoneka. Anaima chilili, natambasula manja onse awiri ngati nkhuku yoanika mapiko, n'kutseka maso. Ine ndi amuna anga tinaima pambali pa galimoto tikunjenjemera ndi chisanu.

"Zimatenga nthawi yaitali bwanji?" anandinong'oneza amuna anga.

"Mukundifunsa ine?"

"Ndinu aphunzitsi."

Panadutsa bambo wina wachikulire atanyamula nkhwangwa. Anaima, nayang'ana juzi yachikasu ija, kenako anafuula ndi chimwemwe. Anali mnzawo wakale wa kuntchito. Anathamanga kuti awagwire dzanja, koma apongozi anabweza manja kumbuyo.

"Pepani achimwene, ndili patchaji."

Mnzawoyo sanafunse zambiri. Anatsamiritsa nkhwangwa pamwala n'kuima pambali pawo, ndipo anacheza choncho, wina manja ali m'mwamba, wina m'matumba. Anakambirana za amene anamwalira, za mbali ya phiri imene mitengo yatha, za anyani amene masiku ano saopanso munthu. Ndinamva apongozi akutchula malemu akazi awo kawiri, koyamba chibwerereni kwathu, akufotokoza mmene ankakazingira bowa wa m'paini. Linakwana pafupifupi ola. Kenako anatsitsa manja, nagwedeza mapewa ngati munthu woyesa kulemera kwa thumba.

"Zakwana," anatero. "Tiyeni."

Juzi inali itanyowa ndi nkhungu, ndipo ine mumtima ndinali ndi nkhawa. Ndinkadziwa kuti tikafika kunyumba adzagwira geti, sipadzachitika kanthu, ndipo adzabwerera m'chipinda muja. Ndinayamba kukonza mawu owatonthoza.

Potsika, magalasi a galimoto anachita nthunzi, moti amuna anga anayatsa chotenthetsera mpaka kumapeto kuti aziona msewu. M'galimoto munatentha ngati mu uvuni wa mabanzi. Pakona iliyonse apongozi ankatsetsereka pampando waubweya uja, uku ndi uku, uku ndi uku, njira yonse. Pofika m'tauni dzuwa linali litatuluka, kukuwomba kamphepo kouma.

Titaima pageti ndinatsika msanga kukawatsegulira chitseko. Anadzikoka mpaka kumapeto kwa mpando, natsitsa jombo limodzi, koma poimirira bondo lawo linagonja. Ndinaona munthu wamkulu akupita pansi chamutu. Za chipongozi zija sindinazikumbukire. Ndinawagwira dzanja.

Chimene chinandimenya sindidzachiiwala. Chinalira ngati kuthyoka kwa kamtengo kouma, chinadutsa m'chala mpaka m'chigongono, ndipo ndinakuwa mawu amene mphunzitsi sayenera kukuwa pamsewu. Magalagadeya amene ndinagula kuphiri anamwazika mpaka m'ngalande. Koma dzanja sindinalisiye, ndipo iwo sanagwe.

Anaima bwinobwino, nakonza juzi yawo. Kenako anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Mwamva, aphunzitsi? Zimenezo ndiye za pamwamba. Zatsopano."

"Bambo, ndi chotenthetsera chija chaumitsa juzi, ndiye ndi nsalu ya pampando..."

Amuna anga anandiponda phazi. Mayi eni nyumba anali atatuluka kale, akupinda mkono wa bulauzi.

Ogasiti yense ntchito inayenda bwino, chifukwa kunali kouma ndi kwa mphepo. Chimene chinawagonjetsa ndi kutentha. Anaumirira juzi ija mpaka mu Okutobala, thukuta lili kamukamu, ndipo thupi lonyowa silisunga chaji. Tsiku lina anaivula okha, naipinda, n'kunena kuti nyengo yatha, monga ithera ya mango. Panthawiyo anali atanenepa, akupita okha kumsika, ndipo mlamu wanga wamkazi wa ku Songani anabwera kudzawatenga kuti azikamuyang'anira pachigayo chake. Anapita mosangalala.

Patatha milungu itatu ndinawaona akutsika minibasi, atavala malaya oyera ndi majombo. Anakhala pakhonde, nakana tiyi, nanena chimene abwerera. Ku Songani, amuna amene ankasewera nawo bawo kuseri kwa chigayo ankawaseka. Ankati nkhani ya magetsiyo ndi bodza la anthu a kuphiri.

"Ndiye mundilembere kalata, aphunzitsi. Ya umboni."

Ndinang'amba pepala pakati pa kope, n'kukhala patebulo. Ndinaganiza nthawi yaitali kuti ndilembe zoona zokhazokha. Ndinalemba kuti ine, mphunzitsi wa sayansi, ndikuchitira umboni kuti bambo awa, m'miyezi yozizira ya chaka chino, atavala juzi ndi majombo, ankafika pa mavoti masauzande angapo, ndipo ine mwini ndinawamva m'dzanja langa. Ndinasaina. Ndiye chikumbumtima chinandivuta, moti ndinawonjezera mzere wina pansi pa siginecha, wakuti komabe kalenti yake inali yochepa kwambiri, yosatha kuyatsa ngakhale babu ya tochi.

Anandipempha kuti ndiwawerengere, ndipo ndinawerenga zonse. Anafunsa ngati ndili ndi chidindo. Ndinali ndi kachidindo ka nyenyezi kokha, kamene ndinkadinda m'makope a ana okhoza bwino. Anati kameneko kali bwino, ndidinde kawiri.

Kenako anatenga pepala lija, nalipinda mosamala pansi penipeni pa siginecha yanga, mzere wotsiriza uja n'kupita kumbuyo. Anakanikiza mopindamo ndi chikhadabo, naliika m'thumba la malaya, n'kunyamuka kuti akapeze minibasi dzuwa lisanatenthe.